Thanki kapena batire: njinga yamoto ya ku Kasungu iziyendera chiyani?

Zaka zapitazi, munthu akagulitsa fodya bwino ku okushoni ya ku Chinkhoma n'kuganiza zogula njinga yamoto, mutu unkamuwawa pa nkhani ya mtundu basi: atenge Lifo, SanLG, King Lion kapena Boxer, yatsopano kapena yoti wina anakwerapo kale. Zonsezi n'zapachibale, zimamwa petulo. Tsopano pamsika pafika ina yopanda thanki, yopanda utsi, yoyendera batire ya lithiyamu imene umatchaja pa soketi kapena pa sola. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre zayamba kuoneka, ndipo pamasiteji a kabaza mbiri yake imakoma kwambiri tsiku limene mapampu auma. Ena amaitama kuti yathetsa mavuto onse, ena amangoti n'chidole cha anthu a m'tauni. Onsewa akufulumira. Njinga ziwirizi ziyenera kuyesedwa pa mchenga wa kwa Chulu, pa matope a kwa Wimbe, ndiponso m'thumba la munthu amene ndalama yake imabwera kamodzi pa chaka.

Pali malo amodzi pamene mkangano wa thanki ndi batire unapendekera kale mbali imodzi, ndipo akutipatsa muyeso wabwino. Malowo ndi bwalo la gofu. Timagalimoto tonyamula osewera ndi zibonga zawo, monga timene kampani ya E-Z-GO inayamba kupanga mu 1954 mumzinda wa Augusta ku America, tilipo ta petulo ndi ta magetsi, koma tochuluka ndi ta magetsi. Kwa zaka zambiri tinkayendera mabatire a asidi, olemera, ofuna kuthiridwa madzi pafupipafupi, ndipo masiku ano eni ake ambiri akusinthira ku lithiyamu. Chimene magetsi anapambanira kumeneko n'choonekeratu. Kagalimotoko kamayenda mtunda wodziwika, makilomita owerengeka, pa udzu wosalala, ndipo madzulo kamakagona m'shedi yomweyo momwe muli soketi. Batire imakonda ulendo wodziwika ndi pogona podziwika. Nkhani yonse ya ku Kasungu yagona pa kudziwa kuti ndani mwa ife amayenda chonchi, nanga ndani sayenda chonchi.

Tiyambe ndi ya petulo, poti ndiyo inafika kale. Ubwino wake waukulu uli mwa anthu amene aizungulira. Pa Nkhamenya, pa Chatoloma, pa Santhe, pa Chamama, paliponse pamene pali msika, pali makaniko pansi pa mtengo kapena m'kakhumbi ka malata. Muoneni ali pa ntchito. Wayala thumba la feteleza pansi, wamasula kabureta n'kuviika tizitsulo take m'chigubu chodula pakati momwe muli kapetulo pang'ono. Akuuzira kajeti ndi pakamwa, kenaka akukakweza kudzuwa, diso limodzi atatsinzina, kuti aone ngati kabowo katseguka. Pulagi akuipala ndi sandipepa, tcheni akuifupikitsa ndi hamala ndi msomali. Pisitoni ndi maringi zili m'kashopu koyandikana nako, zolendewera pa chingwe pamodzi ndi machubu ndi mawaya a mabuleki. Njinga ikafa m'mawa, masana ili kale pamsewu, ndipo ndalama imene mwini wake walipira akhoza kuibweza dzuwa lisanalowe. Luso limeneli latenga zaka kuti lifike mudzi ndi mudzi. Ndi chuma chenicheni cha boma lino, ngakhale palibe amene amachilemba m'buku.

Ubwino wina ndi mtunda. Njinga ya injini yaing'ono, ya 100cc mpaka 150cc, imayenda makilomita 35 mpaka 45 pa lita imodzi ngati ili bwino ndipo sinasenzetsedwe mopyola. Malita 10 akhoza kukufikitsa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, n'kukubweza osamwetsanso. Mafuta akathera panjira, botolo limodzi la pa tebulo la venda likufikitsa kwanu. Wakabaza amene wagogodedwa usiku kuti atenge mayi wapakati kumidzi ya m'malire a Kasungu National Park kupita naye kuchipatala safunsa ngati magetsi anayaka dzulo. Amangoponda, n'kunyamuka. Aliyense wonyoza petulo ayambe wakumbukira mayi ameneyu.

Koma ufulu umenewu umathera pamene petulo wathera. Dziko lathu lilibe chitsime cha mafuta. Amatsika m'sitima ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kuyenda makilomita mazanamazana pa thankala kapena pa njanji, ndipo amagulidwa ndi madola. Chathuchathu m'menemo ndi ethanol wochokera ku nzimbe amene amasakanizidwa ndi petulo, monga amene fakitale ya Ethco ku Dwangwa yakhala ikutcheza kuyambira 1982. Madola akasowa, mapampu amauma. Tinaziona mu 2011 ndi 2012, tinazionanso mu 2022, mu 2023 ndi kumapeto kwa 2024. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo chichokereni apo wakweranso. Komanso mtengo wa papampu si umene wakabaza wakumudzi amalipira. Iye amagula wa m'zigubu, amene mtengo wake umalumpha mafuta akangosowa, ndipo nthawi zina amakhala wosakaniza ndi palafini, wodya injini pang'onopang'ono. Tsiku logona pamzere ndi tsiku lopanda kasitomala, koma bwana mwini njinga madzulo amafunabe ndalama yake ya patsiku.

Apa pali chinthu chimene chimandiwawa ndikaganiza za chigwa cha Kasungu. Madola ambiri ogulira mafutawo amachokera m'zigafa ndi m'mabani a konkuno. Fodya yekha amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zimene dziko limapeza pogulitsa katundu kunja. Tenanti amene amadzuka mbandakucha kukathirira nazale mu Okutobala, n'kudzathyola ndi kusoka fodya mvula ili pamsana mu Febuluwale, ndiye wapanga dolayo. Koma mafuta akachepa, iyeyo ndi amene amakhala kumapeto kwa mzere, kugula a m'botolo pa mtengo woboola m'thumba. Chilichonse chimene chingamasule munthu ameneyu ku botolo limenelo n'choyenera kuchiyang'ana bwino, osachitaya ndi nthabwala.

Njinga ya batire mphamvu yake ili pa kusataya. Mu lita imodzi ya petulo muli mphamvu yofanana ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 9, koma injini yaing'ono imangogwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu poyendetsa tayala. Zotsalazo zimatuluka ngati kutentha, utsi ndi phokoso. Amene anapsapo mwendo ndi ekizozi anakhudza petulo amene analipira koma sanamuyendetse. Mota ya magetsi imafikitsa ku tayala magawo oposa 8 mwa 10 a mphamvu imene yalandira. N'chifukwa chake pa makilomita 100 njinga ya batire imafuna mayunitsi 4 kapena 5 okha, pamene ya petulo imafuna malita awiri ndi theka. Pa mtengo wa K2,530 uja malitawo anali K6,325. Tengani risiti yanu ya mayunitsi a ESCOM muwerengere mayunitsi 5. Mupeza kuti sakufika ngakhale gawo limodzi mwa atatu a ndalama imeneyo. Kwa wakabaza amene amazungulira makilomita 100 tsiku ndi tsiku, kusiyanaku ndi ufa, ndiwo ndi fizi ya mwana.

Mu njinga ya batire mulibenso oyilo wosintha mwezi ndi mwezi, mulibe pulagi, kabureta, kapena fyuluta yotsekeka ndi fumbi la mu Ogasiti. Zotha ndi matayala, mabuleki, mabeyaring'i, ndi tcheni pa zimene zili nayo. Mota imakoka mwamphamvu kungoyambira pamene yaima, kotero kunyamuka ndi thumba la feteleza kumbuyo sikuivuta. Dziko lenilenilo likuithandizanso: batire imatha msanga pa zitunda, ndipo kuno, kupatula phiri la Kasungu ndi timapiri tina apa ndi apo, ndi pathyathyathya mpaka pomwe diso lalekeza.

Anthu ambiri akamva za batire amakumbukira ya sola imene anagula atalandira ndalama ya fodya, imene inayatsa wailesi ndi mababu miyezi ingapo kenaka n'kuyamba kuzima ndi 8 koloko madzulo. Kukayika kwawo n'komveka. Koma ija inali ya asidi, ndipo batire ya asidi imafa msanga ukamaikama mpaka kuuma. Imafuna uzigwiritsa ntchito theka lokha la mphamvu yake, ndipo ngakhale uisamale chotani imatchajidwa maulendo mazana angapo basi. Ya lithiyamu ndi ina. Kampani ya Sony inayamba kuigulitsa mu 1991, ndipo mu 2019 akatswiri atatu amene anaitulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel. Imalemera pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a ya asidi yosunga mphamvu yofanana, siifuna madzi, ndipo mtundu wake wotchedwa LFP umatchajidwa maulendo oposa 2,000 usanafooke kwenikweni. Ukamatchaja kamodzi pa tsiku, zimenezo ndi zaka zisanu kapena kuposerapo. Chiyambire 2010 mtengo wa mabatirewa pa msika wa dziko lonse watsika ndi pafupifupi 90 peresenti, ndipo n'chifukwa chake lero tikutha kukambirana za njinga yotere ku Kasungu.

Komatu batire ili ndi malire osanyengerereka. Yambiri ya pa njinga imasunga mayunitsi atatu kapena chapompo, ndipo imakuyendetsa makilomita 60 mpaka 80. Chiwerengero chimenechi n'cha pa tala. Misewu yolowera kumaesiteti ndi ya mchenga, womwe uja umene fodya amaukonda. Tayala limamira, mota imakoka molimba, mphamvu imatha msanga. Onjezani thumba la chimanga lopita kuchigayo ndi mwini wake atakhala pamwamba, muona nambala ya pa galasi ikutsika maso muli gwa. Kuchoka pa boma kupita ku Mtunthama n'kubwerera, makilomita pafupifupi 60, batire yafika kale kumapeto. Ikathera pakati pa tchire palibe venda wa botolo, mukankha basi. Ndipo kuidzaza kumatenga maola atatu mpaka asanu, pamene thanki imadzaza kasitomala asanamalize kupereka moni.

Ndiye pali funso la soketi yeniyeniyo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse ndi amene ankawunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumudzi anali ochepa kwambiri kuposa apo. Ndondomeko ya MAREP yafikitsa mapolo m'misika yambiri, koma mudzi wa makilomita 10 kuchokera pa thiransifoma udakali mumdima. Ngakhale amene ali ndi waya sagona tulo. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo dziko lonse linalawa kuzima kwa maola ambiri. Zinthu zikusintha pang'ono ndi minda ya sola: ya kampani ya JCM ku Nanjoka, ku Salima, ya mamegawati 60, inayamba mu 2021, ndipo ya ku Golomoti, ya mamegawati 20, imene ili ndi mabatire akuluakulu a lithiyamu, inatsatira mu 2022. Komabe amene angagule njinga ya batire akudalira waya yekha adzakhala ndi masiku ogona pansi, monga momwe mnzake wa petulo amagonera pamzere.

Dzuwa ndiye tili nalo, makamaka kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba. Mapanelo a mawati pafupifupi 800, ndiye kuti awiri akuluakulu, amadzaza batire ya mayunitsi atatu tsiku la dzuwa labwino. Vuto n'lakuti nthawi imene dzuwa likuwala ndi yomweyo imene njinga ili pa ntchito. Pamafunika batire yachiwiri yotsala pakhomo, ndipo batire ndiyo chinthu chodula kwambiri pa njinga yonse. M'miyezi ya mitambo, Januwale ndi Febuluwale, mapanelo omwewo amapereka zochepa, pamene misewu yamatope ikufuna mphamvu zambiri.

Za kukonza ndiye pamene ya batire yatsalira kutali. Siiwonongeka kawirikawiri, koma ikawonongeka makaniko wa pansi pa mtengo uja alibe pogwira. Kabokosi kolamulira mota kakapsa, kapena kabolodi ka m'kati mwa batire kakazima, palibe chouzira ndi pakamwa. Pamafunika chatsopano, chochokera kwa wogulitsa mumzinda, amene mwina nayenso akudikira katundu wochokera ku China. Njinga ikhoza kukhala pakhonde milungu chifukwa cha kachipangizo kokwana m'dzanja. Sindikuganiza kuti zimenezi zidzakhala chonchi mpaka kale. Pa boma ndi m'misika muli kale anyamata okonza mafoni ndi oyika masola, amene mita yoyezera magetsi amaidziwa bwino. TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja atawaphunzitsa za mota ndi batire, n'kuphunzitsanso amakaniko a njinga omwe alipowa, mpatawu ukhoza kutsekeka. Koma munthu wogula lero agule akudziwa kuti luso limenelo silinafike.

Tsopano tifike pamene ine ndikuona kuti pagona mutu wa nkhani, ndipo ndi pa kabweredwe ka ndalama. Njinga ya batire imadula pogula koma imatchipa poyenda. Ya petulo imatchipa pogula koma imakudya tsiku lililonse. Kugula ya batire kuli ngati kudzaza nkhokwe nthawi yokolola, pamene kuyendera petulo kuli ngati kugula ufa wa pambale m'mawa uliwonse: amene wadzaza nkhokwe amalipira zochepa pa chaka, koma amafunika ndalama yambiri tsiku limodzi.

Taonani tsono mlimi wa fodya. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama imalowa ku banki mabelo akagulidwa, ndipo ngongole ya feteleza, ya matenanti ndi ya thiransipoti zikachotsedwa, chotsalacho chimabwera pamodzi. Pofika Januwale m'thumba mwauma, komatu ndi nthawi imene maulendo achuluka: kukasaka feteleza wobereketsa, kukagula mankhwala, kuthamangira kuchipatala ndi mwana wa malungo. Njinga zambiri zogulidwa mu Juni zimakhala zitatsamira khoma mu Febuluwale, osati chifukwa chowonongeka, koma palibe ya lita imodzi. Zina zimagulitsidwa motchipa kuti pakhomo papezeke chimanga. Kwa munthu wotere, kulipiriratu mphamvu ya zaka zingapo pamene ndalama ili m'manja, pogula njinga ya batire ndi mapanelo ake, n'kogwirizana ndi mmene chaka chake chimayendera. Mapanelo omwewo amayatsa nyumba, amatchaja mafoni a mudzi wonse, ndipo akhoza kupopa madzi a nazale.

Wakabaza zake n'zosiyana, ndipo m'pamene pali chopweteka. Iye ndi amene angapindule kwambiri, poti ndi amene amayenda makilomita ambiri. Koma ndalama yake imabwera pang'onopang'ono, ya kasitomala mmodzimmodzi, ndipo imatha tsiku lomwelo. Ambiri njinga si yawo. Banki m'khonde singabwereketse ndalama yokwana batire, ndipo katapila angadye phindu lonse lisanaoneke. Munthu amene batire ingamupulumutse ndi yemweyo amene sangaifikire, pokhapokha wina ataichotsa pa mtengo wa njinga.

Kumayiko ena a mu Africa achita zomwezo. Ku Kigali kampani ya Ampersand inayamba mu 2019 kupereka njinga kwa akabaza batire n'kukhalabe ya kampani. Ikatha, wakabaza amaima pa siteshoni, amatsitsa yakuthayo, amakweza yodzaza, amalipira mphamvu yokha, n'kupitiriza ulendo pa mphindi zochepa. Ku Kampala kuli Zembo, ndipo Spiro ikuchita chimodzimodzi m'mayiko angapo kuphatikizapo Benin, Togo ndi Kenya. Boma la Rwanda linafika poleka kulembetsa njinga zatsopano za petulo za kabaza mumzinda wa Kigali kuyambira Januwale 2025. Njira imeneyi imathetsa mavuto atatu pakamodzi: mtengo wogulira, kudikira kutchaja, ndi nkhawa yoti batire ikakalamba ndani agule ina.

Kigali komabe ndi mzinda wothithikana, pamene Kasungu ndi boma lotambalala, lachiwiri kwa Mzimba pa kukula kwa malo. Masiteshoni sangafike mudzi uliwonse. Chimene chingatheke ndi msewu wa M1: Chinkhoma, boma, Chatoloma ndi Nkhamenya ndi misika ya magetsi yotalikirana mtunda woti batire imodzi imakwanitsa, ndipo kuwonjezera Santhe ndi Mtunthama kungagwire maulendo ochuluka a anthu. Chenjezo lake n'lakuti batire ya kampani ina silowa pa njinga ya kampani ina. Kampaniyo ikatseka zitseko, wakabaza amatsala ndi chitsulo chosayenda. Petulo wa pa siteshoni iliyonse amalowa mu thanki iliyonse, ndipo boma likadzayamba kuika malamulo a njinga za magetsi, liyambire pa mfundo imeneyi.

Chitsanzo chapafupi ndi moyo wathu chili ku Wedza, m'chigawo cha Mashonaland East ku Zimbabwe. Kumeneko bungwe la Mobility for Africa lakhala likubwereketsa njinga za matayala atatu zotchedwa Hamba kwa magulu a amayi akumudzi kuyambira 2019. Mabatire amatchajidwa ndi sola pa malo amodzi n'kumasinthanitsidwa, ndipo amayiwo amanyamulira ndiwo zamasamba, madzi, nkhuni ndi odwala. Njingazi sizithamanga, koma zimasenza makilogalamu mazana angapo pa maulendo aafupi obwerera pamalo omwewo. Umu ndi mmenenso esiteti ya fodya imayendera. Kuchoka ku nazale kupita kumunda, kumunda kupita kuchigafa, kuchigafa kupita ku shedi yosankhira ndi kudindira, zonse zili m'kati mwa makilomita ochepa, ndipo usiku chombo chimagona pa ofesi pamene pali waya kapena denga lalikulu loika mapanelo. Muyeso wa ku bwalo la gofu uja apa wakwana ndendende. Kuyatsa thirakitala ya dizilo kuti ikatenge matumba anayi a feteleza n'kuwononga ndalama, ndipo ngolo ya ng'ombe, ngakhale idakali yodalirika pa matope, imachedwa pamene tsamba lothyoledwa likufuna mthunzi msanga. Mabelo opita ku Chinkhoma adzapitabe pa lole. Apo palibe mkangano.

Zoopsa zilipo mbali zonse. Petulo wosungidwa m'zigubu m'nyumba ya udzu, kapena pafupi ndi chigafa chodzaza fodya wouma, ndi moto wongodikira kandulo. Batire ya lithiyamu nayo ikaboboka pangozi, kapena ikatchajidwa ndi tchaja yosakhala yake, imatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa; ya LFP siyaka msanga poyerekeza ndi mitundu ina, koma isatchajidwe m'chipinda chogona anthu. Kutentha kumaikalambitsa, kotero kuisiya pansi pa malata masana a mu Okutobala n'kufupikitsa moyo wake. Mvula wamba siivuta, koma kuwoloka mtsinje wodzaza, monga mmene timitsinje tothira mu Bua ndi Dwangwa timachitira mu Febuluwale, kukhoza kulowetsa madzi m'mota ndi m'batire. Ya petulo ikamwa madzi umatsanula, umaumitsa pulagi, umapita. Palinso kachetechete wa njinga ya batire. Ana athu, mbuzi ndi nkhuku zomwe, anazolowera kupatuka akamva kulira kwa injini. Njinga yosamveka imafuna woyendetsa wa chala pa hutala, makamaka podutsa pasukulu ndi pamsika.

Ena amati batire nayo ndi yochokera kunja, ndiye palibe chimene tapulumutsa. N'zoona kuti imagulidwa ndi madola, koma imagulidwa kamodzi pa zaka zingapo, ndipo chimene imadya tsiku ndi tsiku ndi madzi a Shire ndi dzuwa lathu. Miyala yopangira mabatirewa ili pafupi nafe kuposa mmene ambiri amaganizira: lithiyamu akukumbidwa ku Bikita ku Zimbabwe, dziko limene linaletsa kugulitsa kunja mwala wosayenga mu Disembala 2022; graphite akukumbidwa ku Balama ku Mozambique, ndipo wapezekanso wambiri ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kufupi konkuno. Chimene tiyenera kukonzekera ndi mathero a batire. Ikafooka moti siingakokenso njinga imakhala idakali ndi mphamvu yoyatsira nyumba zaka zina. Ikaferatu siyenera kuswedwa ndi nkhwangwa kapena kutayidwa kudzala kumene ana amasewera. Ogulitsa akakamizidwe kuilandiranso.

Ndikaika zonsezi pamodzi, ndimaona anthu atatu. Wakabaza wa pa boma, amene tsiku lonse amazungulira pakati pa msika, depoti, chipatala ndi malokeshoni, n'kukagona m'nyumba ya magetsi, batire imuyanja, ndipo akapeza yolipira pang'onopang'ono kapena yosinthanitsa asazengereze. Mwini esiteti, kalabu ya alimi kapena mishoni imene ili ndi denga ndi ndalama ya mapanelo, nayo ipindula, makamaka ndi ya matayala atatu. Koma wakabaza wa kumidzi yakutali, amene sadziwa m'mawa kuti madzulo amupeza kwa Chulu kapena kumalire a Zambia, amene njinga yake ndiyo ambulansi ya mudzi, asasiye thanki panopa. Kumukakamiza batire siteshoni isanafike n'kumuika pa ngozi iye ndi odwala ake. Banja limene lili ndi njinga ya petulo yoyenda bwino lisaigulitsenso mothamanga. Nthawi yabwino yosinthira ndi pamene injini yafuna ndalama yaikulu.

Amene watsimikiza mtima kugula ya batire asachoke pa shopu asanafunse zingapo. Batireyo ndi ya mtundu wanji, LFP kapena wina, ndipo imasunga mayunitsi angati? Mtunda umene akulonjezawo anauyesa ndi anthu angati pa njinga, pa msewu wotani? Apemphe kuiyesa yekha pa mchenga ali ndi mnzake kumbuyo, ayang'ane mmene nambala ikutsikira. Batireyo imachotseka kuti itchajidwe payokha, nanga ina yapadera ndi ndalama zingati lero? Chitsimikizo chake n'cha zaka zingati, ndipo chikukhudza batire kapena chitsulo chokha? Kabokosi kolamulira mota kakapsa ali ku Chamama, chatsopano chichokera kuti, chifika patapita masiku angati, adzamange ndani? Mayankho onsewa alembedwe pa risiti, wogulitsa asayinire, ndipo ndalama iperekedwe pambuyo pake.